Kwa Bwana Amene Anatiyeretsera Namalowe

Kwa Nazombe,
Phalombe.
Seputembala, 2004.

Bwana Mkulu,
Kampani ya Mafilimu ya Chiphaliwali,
Blantyre.

Bwana wanga wolemekezeka, inu amene dzina lanu limakwera pang'onopang'ono kumapeto kwa filimu anthu ali kalikiliki kufunafuna masilipasi awo,

Ndagwada. Mundikhululukire kuti ndagwadira m'nyuzipepala, pamaso pa dziko lonse, chifukwa makalata awiri amene ndinatumiza ku ofesi kwanu ndikhulupirira akadali m'njira. Sindikudandaula ayi. Msewu wathu wa ku Phalombe timaudziwa tokha, ndipo masiku ano a ufuluwa kalata nayo ili ndi ufulu wopumira pa Migowi mpaka itakhutira.

Ine ndine Ethel Kalimbuka, mphunzitsi wa Sitandade 5 kuno kwa Nazombe, mkazi wa malemu Cornelius Kalimbuka amene analemba buku lija la Namalowe ndi Mfumu ya Mitambo, limene inu mwa chifundo chanu munalisandutsa filimu chaka chatha. Ndamva pa wailesi kuti Loweruka likudzali mubwera pa bwalo la mpira pa Chiringa kudzasankha mtsikana woti akhale Namalowe m'gawo lachiwiri, popeza woyamba uja akuti anapita ku Joni. Wolengezayo anati mukufuna atsikana owala khungu, ochepa thupi ndi ofatsa. Pamzere wa odzayesa mwayi padzakhala mwana wanga womaliza, Tikondwe, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amene chionereni filimu yanu ali pa nkhondo ndi nkhope yake yomwe. Kalata yonseyi ndi ya iyeyo. Koma munthu woleredwa bwino amayamba wathokoza asanapemphe, ndipo ine zothokoza ndili nazo zambiri.

Poti ntchito zimakuchulukirani, mundilole ndikukumbutseni kaye zimene zili kuseri kwa chikuto chija munachiwerenga mosamala. M'dziko lina lakale, Mfumu ya Mitambo inakwiya n'kutsekera mvula yonse mumtsuko waukulu pamwamba pa phiri. Zaka zitatu osagwa ngakhale dontho. Amuna a mikondo anakwera kukamenyana nayo, mfumuyo n'kuwasandutsa miyala. Ndiye ananyamuka Namalowe, mayi wa ana asanu, wa zaka makumi anayi, wakuda bii, mapazi ong'aluka, dzino limodzi lakutsogolo palibe, mawu omveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ananyamula khasu, mphika ndi kathumba ka kalongonda. Atafika pamwamba sanaitane nkhondo, anangopempha ntchito yophika.

Kalongonda, Bwana, ndi nyemba zathu zikuluzikulu zimene zimaphikidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mukutaya madzi akuda n'kuthira ena, mobwerezabwereza. Mukaziphula msanga, wodyayo mutu umazungulira, amasanza, amaona denga likuthamanga, ndipo ena sadzukanso. Kuno ngakhale mwana wongomera mano amadziwa zimenezi. Namalowe anaphikira mfumuyo kalongonda wopsa bwino mpaka inazolowera, inkachita kunyambita mbale. Tsiku lina anaphula msanga. Mfumu inadya, inadzandira, inagwa chagada, iye n'kuswa mtsuko uja ndi khasu. Mvula inagwa dziko lonse. Anatsika phiri ali chinyowere, ndipo anthu a m'mudzi atamuchingamira ndi nthungululu, mawu ake oyamba anali ofunsa kuti n'chifukwa chiyani palibe amene waanula makaka a chinangwa padenga. M'mawa mwake anakadzala m'munda wa mayi ake, buku n'kuthera pomwepo.

Namalowe ameneyo, Bwana, ndine. A Kalimbuka anali kalaliki ku ofesi ya zaulimi, mlendo wa ku Ntchisi amene boma linawataya kuno, ine n'kuwatola. Anamanga nyumba pamalo a mayi anga monga mkamwini aliyense, n'kukhala chete zaka zoposa makumi awiri. Mawu achikondi sankawadziwa. Tsiku lina ananena kuti ndiwo zakoma, ndipo ndinawagwira pamphumi kuona ngati ali ndi malungo. Ndiye bukulo litatuluka ndinaliwerenga nditakhala pamtondo, n'kupezamo dzino langa limene linachoka ndi chogwirira cha mjigo, ming'alu ya kumapazi kwanga, ngakhale kaimidwe kanga ka manja m'chiuno ndikafuna kukalipa. Ndinanyanyala. Kenaka ndinafika pa tsamba limene analemba kuti Namalowe akaseka, mpata wa dzino lake unali ngati khomo losiyidwa lotsegula kuti alendo alowe. Ndinalira, Bwana, ndipo sindichita manyazi kunena. Bambo wosayankhula uja anandiona mmene ndililimu, n'kuona kuti ndikukwanira kukwera phiri.

Anatisiya mu 1999. Choncho anyamata anu awiri atafika pa galimoto kudzapempha chilolezo chopangira filimu bukulo, ndinawaphera tambala, ndinasaina ndi chimwemwe. Ndinkati a Kalimbuka adzuka. Tsopano ndithokoze mwa dongosolo, monga timaphunzitsira ana.

Choyamba, zikomo pomuyeretsa. Andale akhala akutilonjeza kusintha zinthu chiyambireni matipate, koma amene wasinthadi chinthu n'kuoneka ndi maso ndinu nokha. Mayi wakuda bii uja munamubweretsa ali mbee, moti pamene analowa m'phanga sipanafunikenso muuni. Zaka zake munazidula pakati. Ana asanu munawachotsa onse tsiku limodzi, ntchito imene alangizi a zakulera akhala akuilephera kwa Nazombe kuno ndi njinga zawo zonse. Dzino munalibwezera. Tsitsi munamupatsa lofika m'chiuno, limene pa chilala choopsa chija, anthu akukanganirana chikho chimodzi cha madzi, linkaoneka kuti limachapidwa m'mawa uliwonse. Anthu a m'mudzi mwake anali ndi nthiti zowerengeka, iye milomo ili psuu ngati wangodya kumene nyama yonona. Ndiye nsapato za gogoda zija! Ine ndinabadwira m'tsinde mwa mapiri, ndakula ndikuona amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni, koma sindinkadziwa kuti phiri limakwereka ndi gogoda. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Chachiwiri, zikomo pomupumitsa pakamwa. M'buku mayiyu amayankhula kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Amakalipira amuna amantha, amanenerera mtengo ndi mizimu yolondera njira, amatsutsana ndi Mfumu ya Mitambo mpaka mfumuyo kutseka makutu, ndipo Chichewa chikamuchepera amamalizira m'Chilomwe. Ndikuvomera kuti pena amatopetsa, anansi anga akhoza kuchitira umboni. Mu filimu yanu ntchito yake ndi kukuwa mayo, kuitana thandizo m'Chingerezi cha m'mphuno, kenaka kukomoka. Anakomoka ataona nanzikambe. Anakomoka kutagunda bingu, iye amene ulendo wake wonse unali wokafuna mvula. Pamene m'buku anapha njoka ndi khasu osadukiza n'komwe nkhani imene ankanena, mu filimu anakwera pamwala n'kugwira m'masaya. Khasulo linaonekadi kamodzi, ndisakunamizireni. Analitsamira pa nthawi ya nyimbo, chitsulo chili kumwamba.

Chachitatu, ndipo apa mawu akundichepera, zikomo chifukwa cha Kalonga Walter. Ndafufuza buku lonse, ngakhale kuseri kumene amalemba mtengo, Walter mulibemo. Mwamuna wa Namalowe ndi bambo wofatsa wopunduka mwendo, amene anatsala pakhomo kulera ana ndi kuwaphikira mizu ya nthochi, ndipo a Kalimbuka sanamuchitire manyazi. Inu munaona patali. Munazindikira kuti dziko silingapulumuke popanda mnyamata wa magalasi akuda ndi wotchi pamkono, m'nthawi ya makolo imene anzake onse avala nyanda. Walter ndiye anatsogola pokwera phiri. Walter ndiye anamenya karate asilikali a mitambo mmodzimmodzi, iwo akudikira mwaulemu pamzere ngati pa chigayo. Walter ndiye anaswa mtsuko wa mvula ndi chidendene, Namalowe atamangidwa pamtengo, akulira mosamala kuti utoto wa m'maso usachoke. Ngakhale pa chithunzi choitanira anthu, Walter waima chilili kudzaza pepala lonse, Namalowe wagwada pansi wamukumbatira mwendo. Dzina la filimu munalisiya lomwe lija la Namalowe, ndipo ulemu umenewo ndauona.

Mnzanga Rose, amene amaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, wandiuza kuti ndisamadabwe ngati wobwera kumene. Iye amawerenga mabuku onenepa aja a kunja, a zinjoka zolavula moto ndi malupanga olodzedwa, ndipo akuti kumenekonso n'chimodzimodzi. Mkazi amene m'buku ndi wachikulire, wamakwinya, wolamula asilikali, akafika pa kanema wasanduka kamtsikana kopita kunkhondo katavala chitsulo chongobisa malo awiri, kunja kuli chisanu choti amuna avala zikopa mpaka m'makutu. Akuti wanzeru amamusandutsa wokongola, wokongola amamusandutsa wopusa, ndipo wopanda mwamuna amamupezera. Ndinanyadira nditamva zimenezi. Ife a ku Phalombe tatsalira pa zambiri, misewu, magetsi, milatho, koma pa nkhani yowononga mkazi wa m'buku inu mwatifikitsa pamzere umodzi ndi mayiko olemera.

Chachinayi ndi kalongonda. Filimu yanu tinakaonera kwa a Bashiri pa Chiringa, amene ali ndi vidiyo ndi jenereta kuseri kwa golosale yawo. Masana amenewo anachita kubwereka mabenchi, chifukwa mbiri inali itawanda kuti lero tionera buku la a Kalimbuka. Kunabwera amayi amene chibadwire sanalowepo m'nyumba ya vidiyo, ena ana kumbuyo, a mvano ndi a kumzikiti omwe, atavala ngati kuli ukwati. Ine anandikhazika kutsogolo, Tikondwe pambali panga atafukata buku la bambo ake.

Kuyera kuja tinakupirira. Walter tinamupirira, ena mpaka anamuombera m'manja. Koma itafika nthawi yoti mtsikana wanu aphike kalongonda, amayi onse anatong'ola maso. Anatsanulira nyembazo mumphika, anamwetulira, nyimbo inaimba pang'ono, basi n'kuphula. Madzi sanataye ngakhale kamodzi. Tonse tinakodolana kuti eya, afika pa nzeru ija, akukapatsa mfumu. Koma ayi ndithu. Anakapatsa Walter, bwenzi lake, pansi pa mtengo, kumudyetsa ndi dzanja lake, iye mwini n'kudyako. Bwana, phokoso limene linabuka, a Bashiri anathamangira kuseri kukaona ngati jenereta yaphulika. Amayi anaimirira kumukuwira mnyamatayo kuti alavule. Mayi Fauzia ogulitsa mandasi anafuula kuti wina amulowetse chala kukhosi nthawi isanathe. Awiriwo anamaliza mbale yonse n'kuyamba kuvina mozungulira mtengo, ndipo odziwa anati kuzungulirako ndiye kuyamba kwake. Mpaka lero pa Chiringa pali anthu amene savomereza zoti mtsikanayo anapita ku Joni.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu mwapitirira pamenepo, mwadyetsa ana a eni. Mukanaima pa msika uliwonse kuyambira Migowi mpaka Nkhulambe n'kufunsa mayi woyamba kukumana naye, akanakuuzani kuti buku lonse lagona mumphika umenewo. Koma ndikumvetsa. Mkazi wogonjetsa mfumu ndi nzeru zake sapanga phokoso lokwanira, pamene chidendene cha Walter chimamveka mpaka kumsewu.

Chachisanu, ukwati. M'buku mulibe ukwati, chifukwa mayi wa ana asanu amakhala atathana nazo kale zimenezo. Inu munamaliza ndi Walter akupereka ng'ombe, n'kunyamula Namalowe m'manja ulendo wa kwawo, mvula ikugwa, munda wa mayi ake uli pomwepo wosadzala. Kwina zimatero, ndipo sindinyoza mwambo wa eni ake. Koma kuno amasamuka ndi mwamuna, munda ndi wa mkazi ndi ana ake aakazi, ndipo Namalowe anakwera phiri chifukwa cha munda umenewo. Achimwene anga a Dyson, amene ndi mwini mbumba kwathu, anaimirira pakati pa anthu n'kufunsa kuti malume ake a mtsikanayu ali kuti, ndipo mundawo wasiyira yani. Anthu anawakoka malaya kuti akhale pansi, koma yankho sanalipeze, ndiye andituma kuti ndikufunseni. Akuti ngati mundawo ulibe mwini, iwo ali ndi mbewu ya nandolo yotsala.

Chotsatirachi sindichipatsa nambala, chifukwa ndimafuna nditachiiwala. Zimene munamuchotsera Namalowe simunazitaye, ndinu munthu wosawononga zinthu. Panjira ya kuphiri munaikapo mfiti yotchedwa Nakadzidzi, imenenso m'buku mulibe, yochitira nsanje kukongola kwa mtsikanayo. Itatulukira pa kanema, ndinaona mayi wakuda bii, mapazi ong'aluka, dzino lakutsogolo palibe, manja m'chiuno, mawu ngati anga ndikamaitana ana ochedwa. Apo ndiye ndinadziwa kuti wina kwanuko bukulo analitseguladi. Walter anaikankhira kuphompho, ndipo anyamata a kumbuyo anaimba miluzu. Amayi a kutsogolo sanaseke, ankayang'ana zitenje zawo. Ine ndinaseka kuposa wina aliyense, poti mphunzitsi salira pagulu. Tikondwe anatsitsa buku lija pang'onopang'ono n'kulikankhira pansi pa benchi.

Ana a sukulu tsopano amanong'ona kuti Madamu Nakadzidzi ndikatembenukira ku bolodi. Zimenezo sizindisowetsa tulo, ndaphunzitsa nthawi yaitali ndipo maina ndakhala nawo oposa pamenepo. Mmodzi wa anyamata anu aja ndinakumana naye pa depoti ku Limbe, ndipo anandifotokozera mwaulemu kuti wolamula ndi msika, akuti palibe munthu angalipire pakhomo kuti akaone mayi ake. Ndinathokoza phunzirolo. Kungoti ambiri amene analipira kwa a Bashiri tsiku lija anali amayi a anthu, ndipo anabwera kudzadziona okha pa kanema kamodzi m'moyo wawo. Anadzionadi, akugwera kuphompho. Ndinafuna kumukumbutsa kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma basi yake inali itadzaza.

Tsopano za Tikondwe. Mwanayu ndi ine ndendende, kupatula dzino. Khungu ndi langa, mapazi ndi anga, mawu ndiye musanene. Ali khanda akalira, anthu a kutsidya ankabwera kudzazonda. Bambo ake ankamutcha Namalowe wamng'ono, ndipo anakula akuyenda ngati mudzi wonse ndi wake. Mnyamata wina atamunena kusukulu kuti ndi wakuda ngati mphika, iye anayankha kuti mphika ndiwo unagwetsa Mfumu ya Mitambo, kenaka anamugwetsanso mnyamatayo. Ndinamulanga monga mphunzitsi, n'kumugulira mandasi monga mayi.

Chionereni filimu yanu, mwana ameneyo kulibe. Anzake omwe ankamusirira aja anayamba kumufunsa ngati mayi ake anavulala pogwa. Nandolo wa m'kamunda kake anagulitsa yense n'kugula mafuta oyeretsa khungu, a m'timachubu timene pamsika amatiyala pakati pa mabatire ndi mankhwala a makoswe. Masaya tsopano afiira, akusupuka, m'mfundo za zala mwatsala mwakuda, moti nkhope ndi manja zikuoneka ngati za anthu awiri osadziwana. Dzuwa la mwezi uno likamuomba amatuluka misozi ndi ululu. Kumunda anasiya, akuti khasu limalimbitsa zikhatho. Nsima amangoinunkhiza. Amayankhula ndi kamawu kakang'ono moti ndimachita kuwerama kuti ndimve, m'nyumba imene kale tinkamvana uku wina ali kudambo. Dzana ndinamupeza kuseri kwa khola akuphunzira kukomoka, atayala chiguduli kuti asavulale. Ndinaseka, Bwana, chifukwa n'zoseketsadi, kenaka ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi nthawi yaitali.

Musaganize kuti ndangopinda manja. Ndakalipa mpaka nkhuku kuthawa pakhomo. Mafutawo ndinawaponya m'chimbudzi, iye anagula ena. A Dyson anamukhazika pamphasa monga malume, anawamvera mwaulemu wonse, n'kudzuka kukadzola. Anamwino anamuuza kuti khungu likapsa motere limachedwa kubwerera, ndipo akapitiriza silidzabwereranso. Ndinamutsegulira buku la bambo ake pa tsamba lija la dzino. Anandiyankha ndi kamawu kaja kuti ababa analemba choncho pofuna kungondisangalatsa ine, koma anthu odziwa atabwera ndi makamera anakonza. Bukulo m'masitolo linatha kalekale ndipo silinasindikizidwenso, pamene filimu yanu ikuzungulira m'vidiyo iliyonse m'boma lino. Ndine mayi ake, ndine mphunzitsi, ndine Namalowe weniweniyo, koma pa nkhani imeneyi mawu anga agonja kwa anu. Ndikuopa, Bwana. Ndikuopa kuti mwana amene bambo ake anamusiya akudzikonda adzakalamba akupepesa chifukwa cha nkhope yake.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, losafuna kamera kapena jenereta. Sindikupempha kuti mumusankhe. Ndikudziwa kuti simungatero, ndipo ngakhale mutatero, mwana wanga sindingamulole kukamangidwa pamtengo. Sindikupemphanso kuti mukonze gawo lachiwiri. Ndine yani ine kuti ndiphunzitse akatswiri? Mupatseni Walter njinga yamoto ngati mukufuna, akwerere phiri msanga.

Loweruka mudzamuona pamzere. Adzakhala wamtali uja, wa diresi yobiriwira yobwereka, wa masaya ofiira, woyang'ana pansi. Mukamadzamukana, chonde ndapota nanu, musadzamuuze kuti sakufanana ndi Namalowe, chifukwa bodza limenelo adzalikhulupirira ndipo Lolemba adzagula chubu china. Mudzamuuze zoona, mokweza, anzake akumva. Mudzamuuze kuti nkhope imene akuiwotchayo ndi imene bambo ake analemba, kuti inu munaiona m'bukumo, ndipo munaipereka kwa mfiti chifukwa simunadziwe chochita ndi mkazi wotere akakhala kuti ndiye wapambana. Ine mawu amenewa ndawanena mpaka kusasa. Akachokera pakamwa panu adzawamva ulendo umodzi, poti ndinu munabwera ndi makamera.

Ine ndidzaima chakumbuyo, pafupi ndi golo, mwaulemu wonse, ndipo mukadzaiwala mawuwo ndidzakukumbutsani ndili komweko. Simudzavutika kundizindikira, Bwana. Munandiponyapo kale kuphompho.

Ine wanu wogwada mpaka Loweruka,

Ethel Kalimbuka,
Mphunzitsi wa Sitandade 5, mayi ake a Tikondwe.